Foni yayamba kupeka nyimbo: kodi ndigulitse zida za situdiyo?

Funso la lero lachokera kwa mnyamata wa ku Dedza. Ndalifupikitsa pang'ono:

"Bambo mlangizi, ndili ndi kasitudiyo pa Dedza Boma. Ndimajambula makwaya, ndimapangira mabiti anyamata oyimba, komanso tinyimbo totsatsa malonda. Mng'ono wanga amajambula zithunzi, amalemba zikwangwani, nthawi zina amasema. Miyezi yapitayi zinthu zatembenuka. Bambo ena omwe tinagwirizana kuti ndiwapekere nyimbo ya ukwati wa mwana wawo anabwera ndi nyimbo yothaitha pa foni, akuti mdzukulu wawo wayipanga ndi AI pa mphindi zochepa, ine ndingowaikira pa fulashi. Mapositala a misonkhano ya chitsitsimutso omwe mng'ono wanga ankapanga, pano achinyamata a kutchalitchi akupanga okha. Ndamvanso kuti makinawa amaba mawu a munthu n'kumuyimbitsa zomwe sanayimbe. Kodi ntchito yathu yathera pomwepa? Ndigulitse zida ndiyambe geni ya kachewere? Nanga ineyo nditayamba kugwiritsa ntchito AI, ndiye kuti ndikunamiza anthu? Tulo sindikulipeza."

Achimwene, zikomo chifukwa cholemba mosabisa. Mawu anga oyamba ndi akuti zida musagulitse. Mantha anuwo si achibwana, ndipo sindikunamizani kuti zonse zili bwino, chifukwa mbali ina ya ntchito yanu yapitadi ndipo sibwerera. Koma yomwe yapitayo ndi yochepa poyerekeza ndi yomwe yatsala, ndipo choopsa chachikulu sichili komwe mwaponya masoko. Ndayenda ndi oyimba kuyambira masiku a makaseti, kuphunzitsa, kutsogolera makwaya ndi kujambula, choncho ndiloleni ndiyankhe modekha.

Tiyambe ndi chinthucho, AI, mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu, chifukwa munthu amaopa kwambiri chomwe sakuchidziwa kayendedwe kake. Mapulogalamu opanga nyimbo odziwika kwambiri ndi Suno ndi Udio. A zithunzi ndi monga Midjourney, ndipo wolemba mawu wotchuka ndi ChatGPT, yemwe anatuluka mu November 2022. Opanga nyimbowo sapeka mmene inu mumapekera. Eni ake anawaphunzitsa ndi nyimbo zankhaninkhani zomwe anthu anayimba kale, mpaka pulogalamuyo inagwira ndondomeko yake: kuti kamvekedwe kotere kakadutsa pamabwera kotere, kuti kolasi imalowa motere, kuti ng'oma ikagunda apa besi imayankha apo. Mukalemba kuti mukufuna nyimbo ya ukwati yachisangalalo, imakupatsani chapakatikati cha nyimbo zonse zotere zomwe inamva. Izi si mphekesera. Mu June 2024 makampani akuluakulu a nyimbo, Universal, Sony ndi Warner, anasumira Suno ndi Udio ku America, ndipo poyankha kukhoti Suno inavomera kuti inaphunzitsa pulogalamu yake ndi nyimbo mamiliyoni makumi angapo, ikunena kuti lamulo likuilola kutero.

Apa pali mfundo yofunika kwa ife. Chomwe pulogalamuyi inamva kambirimbiri imachitha bwino, chomwe inamva pang'ono imangolota. Mganda, chimtali, chisamba, ngoma ya Angoni a kwa Gomani, kulira kwa kaligo kapena bangwe, zonsezi zilipo zochepa kwambiri pa intaneti. Yesani kuipempha nyimbo ya mganda, mumve chomwe ikupatseni: kawirikawiri ndi amapiano kapena kayimbidwe ka ku Nigeria kovekedwa mawu a Chichewa. Chichewacho nachonso chimatuluka chopunduka, mawu okwera atatsitsidwa, otsika atakwezedwa, liwu litadulidwa pakati pomwe munthu wobadwira kuno sangapumirepo. Komabe musatsamire kwambiri pamenepa. Mapulogalamuwa akukonzedwa mwezi ndi mwezi, ndiponso munthu yemwe akumvera nyimbo pa kasipika ka foni m'minibasi ya ku Lilongwe sasamala kwenikweni kuti liwu lina lapindika.

Ndiye ntchito yomwe yapita ndi iti? Ndi ntchito yomwe wogula sasamala kuti waipanga ndani, bola ikhale yotchipa ndi yachangu. Kanyimbo ka masekondi makumi atatu kotsatsa golosale, biti wamba yoti mnyamata ayeserepo kulapa, nyimbo zolira pansipansi m'kanema wa ukwati, positala ya msonkhano ya pa WhatsApp. Zimenezi mitengo yake igwa, ndipo ena sadzabweranso n'komwe. Zoterezi tinaziwonapo. Kiyibodi itafika, oyimba malipenga ndi ng'oma ambiri anasowa pogwira chifukwa munthu mmodzi ankaprogalama bandi yonse. Anyamata oika nyimbo m'mamemori khadi atadzaza m'misika, malonda a makaseti ndi ma CD anafa, oyimba n'kuyamba kudalira mashowo. Koma sindinena kuti izi n'chimodzimodzi ndi zija. Kiyibodi inkafunabe munthu wodziwa makodi. AI siifuna munthu wotero, ikuthamanga kuposa zonse zija, ndipo inamangidwa ndi thukuta la oyimba omwe sanafunsidwe komanso sanalipidwe. Mkwiyo wa aluso pa nkhaniyi ndi woyenera.

Kukula kwa vutoli kunjaku kukuoneka ndi manambala. Kampani yomvetsera nyimbo pa intaneti ya Deezer inanena kumayambiriro kwa 2025 kuti ikulandira nyimbo pafupifupi 10,000 tsiku lililonse zopangidwa ndi AI yokhayokha, ndipo pofika November chaka chomwecho zinali pafupifupi 50,000 pa tsiku. Bungwe la CISAC, lomwe limasonkhanitsa mabungwe otolera ndalama za aluso pa dziko lonse, linatulutsa kafukufuku mu December 2024 wosonyeza kuti pofika 2028 opeka nyimbo akhoza kutaya 24 peresenti ya ndalama zawo. Manambalawa ndi oopsa, koma dzifunseni moona mtima: pa ndalama zomwe munapeza chaka chatha, ndi zingati zinachokera ku Spotify kapena YouTube? Oyimba ambiri omwe ndimawadziwa m'maboma muno amadya za kutchalitchi, za maukwati, za zinkhoswe, za mashowo ndi za kujambula anzawo. Chigumula cha nyimbo za AI chikukokolola kwambiri kumene ife tinalibe munda waukulu.

Tsopano ku ntchito yomwe yatsala, ndipo apa ndikhalitsapo.

Kwaya ya amayi ikachoka ku Bembeke kapena ku Linthipe, atasonkha ndalama miyezi ingapo, atachita pepala Sande, n'kubwera pa situdiyo panu, sakufuna nyimbo yokoma chabe. Akufuna kudzimva okha. Akufuna kuti nyimboyo ikalira pa wayilesi, mwana anene kuti awo akutsogolerawo ndi amayi anga. Mutawapatsa nyimbo yosalala yoyimbidwa ndi makina, angakubwezereni. Ntchito yanu pa kwaya imeneyo ndi kudziwa poimika maikolofoni kuti alto asamizidwe, kumva kuti tenala watsika pang'ono n'kumuuza mosamuchititsa manyazi, kudziwa nthawi yopumitsa anthu chifukwa mawu atopa ndi kuzizira kwa Dedza. Zimenezi foni singachite, ndipo makwaya sakutha m'dziko muno.

Nyimbo ya ukwati nayo ili ndi mitundu iwiri. Pali yongoti wakuti ndi wakuti akondana, Mulungu awadalitse. Imeneyo AI yatenga. Koma pali ina yomwe wopeka amapita kukakhala pa khonde ndi banja, n'kufunsa kuti mkwatibwi analeredwa ndi ndani, ankhoswe ndi ati, kwawo kwa mkwati ndi kuti, mfunda wake ndi uti. Nyimbo ikatchula Nabanda kapena Naphiri pa malo oyenera, ikatchula agogo omwe anagulitsa mbuzi kuti mwana aphunzire, ikadziwa dzina loyenera kulidumpha chifukwa cha nkhani ya m'banja, anthu amadzuka okha pa perekaniperekani. Makina angatchule mayina mukawapatsa, koma sadziwa kulemera kwa dzina lililonse, sadziwa yemwe ayenera kutchulidwa poyamba. Pa maliro ndiye n'kosayamba. Palibe banja lomwe lingaike sipika pa siwa kuti makina awalirire m'malo mwa anthu.

Bambo anabwera ndi nyimbo pa foni aja musawakwiyire, ndipo ena otere akabwera musawabweze. Mverani nyimboyo limodzi nawo. Asonyezeni pomwe Chichewa chapindika, pomwe dzina la mkwatibwi latchulidwa molakwika. Kenako auzeni kuti mungathe kuiyimbitsanso ndi munthu weniweni, kukonza mawu, kuikamo gitala ndi ng'oma zakwathu, pa mtengo wotsikirako poyerekeza ndi kupeka yatsopano. Ena avomera, ena akana. Wokana muikireni pa fulashi, alipire ya fulashiyo, apite ndi mtima wabwino, chifukwa mawa kwaya ya kutchalitchi kwawo ikafuna situdiyo adzakumbukira inu.

Tibwere ku nkhani ya kuba mawu. Apa ndi pomwe ndikufuna mutsegule maso kwambiri, chifukwa n'zoona. Pali mapulogalamu omwe akamva mawu a munthu kwa mphindi zochepa amatha kumuyankhulitsa kapena kumuyimbitsa chilichonse. Mu April 2023 kunatuluka nyimbo ya AI yomveka ngati ayimba oyimba otchuka Drake ndi The Weeknd, anthu mamiliyoni anaimvera isanachotsedwe, pomwe awiriwo sanaponde mu situdiyo. Chigawo cha Tennessee ku America chinafika pokhazikitsa lamulo mu 2024 loteteza mawu a munthu kuti asakoperedwe ndi AI popanda chilolezo. Kwathu kuno ndikuopa zinthu ziwiri. Choyamba, nthawi ya kampeni munthu akhoza kutenga mawu a woyimba wodziwika n'kumuyimbitsa nyimbo yotamanda chipani kapena yonyoza mtsogoleri, ndipo mukudziwa nokha mmene zimenezo zingamuikire munthu pa moto. Chachiwiri, akuba akhoza kutumiza uthenga wa mawu kwa achibale anu ngati ndinu, kupempha ndalama pa foni. Gwirizanani pabanja kuti uthenga wopempha ndalama ukafika, muziyamba mwaimbirana kaye pa nambala yomwe mukuidziwa.

Koma taonani mbali yomwe eni masitudiyo ambiri sakuiganizira. Mu kompyuta mwanumo muli mawu osasakaniza a anthu ambiri, oyera bwino, opanda zing'wenyeng'wenye. Amenewo ndiwo chakudya chenicheni cha mapulogalamu okopera mawu. Ndinu msungi wa mawu a anthu amenewo. Ikani pasiwedi pa kompyuta. Musalole mnyamata aliyense kulowetsa fulashi n'kukopera mafoda. Ndipo inuyo musatumize mawu a kasitomala, kapena nyimbo yanu yomwe sinatuluke, ku pulogalamu ya pa intaneti musanawerenge malamulo ake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mapulogalamu ambiri aulere amalemba m'malamulo awo kuti chomwe mwatumiza akhoza kuchigwiritsa ntchito pokonza makina awo. Pa Suno, nyimbo yomwe mwapanga osalipira simuloledwa kuichitira malonda. Malamulowa amasinthasintha, choncho awerengeni tsiku lomwe mukugwiritsa ntchito, ndipo ngati Chingerezi chake chavuta, pezani wina akumasulireni.

Za malamulo a kwathu. Lamulo la umwini wa zaluso lomwe tikugwiritsa ntchito ndi la 2016, linalembedwa AI yotereyi isanafike. Komabe limakutetezani pa zambiri. Nyimbo yomwe mwapeka ndi yanu kuyambira pomwe mwailemba kapena kuijambula, ndipo chitetezocho chimapitirira zaka 50 mwini atamwalira. Bungwe la COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992, ndi lomwe limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo monga mawayilesi, komanso limagawa ndalama za msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo. Ngati simunalembetse, kalembetseni, ndipo nyimbo iliyonse yatsopano muzikaipereka. Ndimamva chisoni ndikakumana ndi opeka nyimbo za makwaya zomwe zimalira pa wayilesi chaka ndi chaka koma sanalembetsepo ngakhale imodzi.

Sungani umboni wa kapangidwe ka nyimbo iliyonse: kope lomwe munalembamo mawu, kamawu koyamba komwe munajambula pa foni mukung'ung'udza, mafayilo a pulojekiti ndi masiku ake. Kale umboniwu unkathandiza wina akakuberani nyimbo. Lero ukuthandizanso kusonyeza kuti nyimboyo munapanga ndinu, osati makina. Ofesi yoona za umwini wa zaluso ku America inanena mu January 2025 kuti chinthu chopangidwa ndi AI yokha sichitetezedwa, ndipo kungolemba malangizo ouza makina chochita sikukupangitsani kukhala mwini. Maganizo amenewa akufalikira, ndipo tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti nyimbo yomwe mwangotola ku makina mudzavutika kuiteteza wina akaitenga. Musayesenso kukalembetsa nyimbo yotere ngati yanu. Kumeneko ndi kudya ndalama za anzanu omwe anapekadi. Milandu ikupitirira m'mayiko ena. Ku Germany, mu November 2025, bungwe la GEMA, lomwe limagwira ntchito yonga ya COSOMA, linapambana mlandu wotsutsana ndi OpenAI, kampani yomwe inapanga ChatGPT, pa nkhani ya mawu a nyimbo. Chakumapeto kwa chaka chomwecho ena mwa makampani akuluakulu aja anayamba kugwirizana ndi Udio ndi Suno kuti azilipidwa. Funso langa ndi lakuti, akuluakulu akamagawana, woyimba wa ku Mayani amutchula ndani? N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kulowa m'mabungwe monga Musicians Union of Malawi ndi kumafunsa mafunso amenewa pa misonkhano. Munthu mmodzi payekha sangalimbane ndi kampani ya ku America.

Mgwirizano uliwonse muziulemba, ngakhale pa pepala la m'kope: wapeka mawu ndani, wapanga biti ndani, mugawana bwanji. Onjezanipo chiganizo chimodzi chakuti mawu a woyimbayo sadzagwiritsidwa ntchito pophunzitsa kapena kukopera ndi AI popanda chilolezo cholembedwa. Munthu akabwera ndi ndalama yooneka yambiri kuti mumujambulire mawu a anthu akuyimba kapena akuyankhula Chichewa, funsani komwe akupita nawo, adzawagwiritsa ntchito yanji, kwa zaka zingati. Ntchito yotere si yoipa payokha, koma anthu ojambulidwawo adziwe ndipo alipidwe moyenera.

Mwafunsa ngati kugwiritsa ntchito AI ndi kunamiza anthu. Yankho langa ndi lakuti zimatengera ntchito yomwe mwaipatsa komanso zomwe mwauza wogula. Pali zida za AI zomwe ndimaziyamikira ndi mtima wonse. Zilipo zochotsa phokoso la mvula pa malata kapena la jenereta m'mawu omwe mwajambula. Zilipo zolekanitsa mawu ndi zing'wenyeng'wenye mu nyimbo yakale, moti kaseti ya kwaya ya m'ma 1990 yomwe matepi ake oyamba anatayika mukhoza kuitsitsimutsa. Njira yotereyi ndi yomwe inathandiza gulu la The Beatles kutulutsa nyimbo mu 2023 pogwiritsa ntchito mawu a malemu John Lennon, woyimba wa gululo, omwe anali pa kaseti yakale. Iyi ndi ntchito yatsopano yomwe mungayambe mawa: m'matchalitchi ndi m'nyumba za ku Dedza muli makaseti ambiri omwe akuwola, ndipo eni ake angalipire kuti amvenso mawu a makolo awo. Ingokumbukirani kupempha chilolezo kwa eni nyimbozo.

Bodza limayamba pomwe mwatenga nyimbo yathunthu ku makina, n'kuuza kasitomala kuti mwagona mu situdiyo mukuipeka, n'kumulipiritsa mtengo wa thukuta. Limayambanso pomwe mwagwiritsa ntchito mawu a munthu wina iye osadziwa. Ngati AI yathandiza pa mbali yaikulu ya nyimbo, muuzeni wogula, mtengo ugwirizane ndi ntchito yomwe mwagwiradi. Dedza ndi tauni yaing'ono, mbiri ya chinyengo imafika ku Lobi dzuwa lisanalowe, ndipo chuma chachikulu cha mwini situdiyo ndi kukhulupirika.

Koma ndikuuzeni chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa ndalama. Ndi khutu. Munthu amaphunzira kupeka polimbana ndi nyimbo yomwe ikukana, pomwe vesi yachiwiri yakanirira masiku angapo, n'kuyesa njira iyi, kuyesa iyo, mpaka china chake chitseguke. Pa kulimbana kumeneko ndi pomwe kayimbidwe ka munthu kamabadwira, kaja kamene anthu amati tikangomva gitala tadziwa kuti ndi uje. Mnyamata yemwe wazolowera kuti nyimbo ikangovuta athamangire ku foni sadzafika pamenepo. Adzakhala ndi nyimbo zambiri, zonse zofanana ndi za wina aliyense. Ndikuwaona kale ana ena aluso omwe sakufunanso kuphunzira makodi chifukwa akuti n'kutaya nthawi, ndipo zimandipweteka mtima. Inu muli ndi mwayi kuti munaphunzira zinthu zisanafike apa. Musalole lusolo lichite dzimbiri. Muzipeka kaye nokha, ndi gitala kapena ndi pakamwa, nyimbo iime payokha, kenako ndiye muone ngati pali pomwe makina angathandize. Ndipo ngati anyamata amabwera kudzacheza pa situdiyo, aphunzitseni kuyimba chida chimodzi ndi manja. Mukhoza kumawalipiritsa kangachepe, ikhalenso njira ina yopezera ndalama.

Pitaninso kwa akuluakulu. M'midzi ya kwa Kachindamoto, kwa Kasumbu, kwa Kaphuka, muli anthu odziwa nyimbo za pamtondo, za chinamwali zomwe zimaloledwa kuyimbidwa poyera, kagundidwe ka ng'oma komwe achinyamata sakukadziwa. Phunzirani kwa iwo, mwaulemu, mutapempha ndi kupereka kangachepe. Chimenecho ndi chuma chomwe makina alibe, ndipo ndi chomwe chingasiyanitse nyimbo zanu ndi zikwi makumi asanu za tsiku lililonse zija. Dziwani kuti lamulo limatetezanso zaluso za makolo, ndipo umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, choncho mukafuna kuchita nazo malonda funsani ku COSOMA.

Za mng'ono wanu. Mapositala a pa foni apita, asataye nthawi kulimbirana mtengo ndi mwana wa sukulu yemwe akupanga ulere. Akhoza kuphunzira zidazo kuti azipanga mwachangu ndi kukonza zomwe makina amalakwitsa, monga malembo opindika ndi nkhope zosafanana ndi anthu akwathu. Koma mphamvu zake aziike pa zomwe zimafuna dzanja: kulemba pa makoma a masitolo ndi masukulu, zithunzi za penti za munthu weniweni, ndi zosemasema. Boma lanuli lili ndi mbiri yomwe maboma ena amasirira. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pa miyala, zina za Akafula, zina za Achewa, zomwe UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Mua kuli Kungoni, malo omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, komwe kwaphunzira osema ambiri ndipo ziboliboli zawo zili m'matchalitchi akutali. Alendo omwe amaima pa Dedza Pottery amagula kapu chifukwa munthu anaiumba ndi kuijambula ndi dzanja. Ngati sanapiteko ku Mua, apite akaone, akacheze ndi osema, ngati n'kotheka akaphunzireko.

Akamaika ntchito zake pa Facebook, aziika zithunzi zochepetsedwa, zokhala ndi dzina lake pakati, komanso tizikanema tosonyeza iye akusema kapena akupenta. Wogula wa lero akufuna kuona dzanja likugwira ntchito. Ndipo ndimupemphe chinthu chimodzi. Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamulemekeza mu 2005, si chokongoletsera chabe. Chilombo chilichonse chili ndi dzina, nyimbo yake ndi phunziro lake. Zithunzi za gule zomwe AI imapanga zimasakaniza zigoba za mitundu ina ya ku Africa ndi zongopeka, ndipo mwana wa m'tauni akaziona amayesa ndi zoona. Iye asafalitse nawo zoterozo, ndipo za kudambwe zomwe eni mwambo salola kuti zituluke asazijambule n'kuzitumiza ku makina, chifukwa chomwe chalowa kumeneko simungachiitanitsenso.

Nanga geni ya kachewere? Si yoipa, ndipo oyimba ambiri amadalira munda kapena kageni kuti luso lipume bwino. Ngati muli ndi kampamba kapadera, yambani pang'ono. Chomwe ndikukaniza ndi kugulitsa maikolofoni ndi kompyuta kuti mupeze mpamba, chifukwa mmene kwacha yagwera, zida zomwe mugulitse lero simudzazigulanso pa mtengo umenewo. Chitani izi: kwa miyezi isanu ndi umodzi lembani m'kope ntchito iliyonse yomwe yabwera, mtundu wake ndi ndalama zake, komanso yomwe yakuphonyani ndi chifukwa chake. Mukatero mudzaona ndi maso anu mbali yomwe ikufa ndi yomwe ikukula, n'kupanga chiganizo potengera kope, osati mantha a usiku.

Pali nthawi zomwe simuyenera kulimbana nazo nokha. Mukamva nyimbo yanu kapena ya kasitomala wanu itasinthidwa ndi AI n'kumagulitsidwa, sungani umboni wonse, tsiku, dzina la tsamba ndi zithunzi za pa sikirini, mukadandaule ku tsambalo kuti aichotse, ndipo mupite nazo ku COSOMA. Mawu anu akagwiritsidwa ntchito pobera anthu, ponyoza munthu kapena pa ndale, musachedwe, kaneneni kupolisi ndi ku MACRA, ndipo lengezani poyera msanga kuti si inu. Munthu akakupatsani mgwirizano wa masamba ambiri, makamaka wochokera kunja wonena kuti mukupereka umwini wonse mpaka kalekale, musasaine musanaonetse loya. Ngati ndalama ya loya palibe, yambani mwafunsa ku Legal Aid Bureau.

Mwanenanso kuti tulo simukulipeza, ndipo mawu amenewo sindiwadumpha. Nkhawa ya masiku ochepa ndi yachibadwa munthu akaona ntchito yake ikugwedezeka. Koma ikapitirira masabata awiri, chakudya osachifuna, mowa n'kuyamba kuchuluka, kapena maganizo oti moyo ulibenso phindu akayamba kubwera, uzani munthu yemwe mumamukhulupirira, kaya ndi akazi anu, abusa kapena mnzanu wapamtima, ndipo pitani ku chipatala cha boma mukafunse woona za matenda a maganizo. Mng'ono wanunso mumufunse mmene akumvera, chifukwa mwina naye akusowa tulo koma akuopa kukuuzani.